Kulemba chikwangwani cha pashopu chopirira dzuwa la ku Mangochi

Mukayenda mumsewu wochokera pa Boma kulowera ku Monkey Bay, werengani zikwangwani za m'mbali mwa msewu pa Namiyasi kapena pa Makawa. Zambiri zili ndi matenda ofanana. China penti wake anayamba kusupuka mvula yoyamba isanathe. China chinayamba ndi zilembo zonenepa bwino kumanzere, koma pofika kumanja malo anatha, zilembo ziwiri zomaliza n'kupanikizidwa pakona. Wolemba nthawi zambiri amakhala ndi dzanja labwino ndithu. Chimene chimamugwetsa ndi kufuna kumaliza zonse tsiku limodzi, pomwe chikwangwani chimafuna pafupifupi sabata, ndipo masiku ambiri a sabatayo ndi ongodikira kuti penti aume.

Malangizo awa ndi a chikwangwani cha masentimita 122 m'litali ndi 61 m'lifupi. Pulayiwudu wathunthu amakhala wa masentimita 244 ndi 122, choncho mukamudula panayi mupeza zidutswa za muyeso umenewu popanda chotsala.

## Zofunika kukhala nazo

- Chidutswa cha pulayiwudu wochindikala mamilimita 9 kapena 12, kapena lata losalala lopanda mizere
- Timatabwa topangira felemu, ndi misomali kapena masikuluwu
- Sandipepa wokhakhala wa nambala 80 ndi wosalala wa nambala 220
- Pulaima (penti woyamba, wothandiza kuti wapamwamba agwire) woyenera chimene mukulembapo: wa matabwa, wa malata, kapena wofiira uja wa zitsulo zakuda
- Andakoti woyera (penti wopaka pakati pa pulaima ndi mtundu wapansi)
- Penti wamafuta wonyezimira: theka la lita la mtundu wapansi, ndi katini kakang'ono ka mtundu wa zilembo
- Tapentaini wosungunulira penti ndi kutsukira maburashi
- Burashi yaikulu ya mainchesi 2, ndi maburashi awiri ang'onoang'ono osongoka mopyapyala, aubweya wofewa
- Choko, pensulo, rula yaitali, chingwe chopyapyala, tepi yapepala
- Mapepala aakulu kapena nyuzipepala zakale zomatiza, singano yaikulu, sokosi yakale
- Viniga, ngati mukugwiritsa ntchito lata
- Sanza zoyera, ndi kamtengo kowongoka kotalika ngati mkono

Theka la lita likukwanirani. Lita imodzi ya penti wamafuta imapaka malo a masikweya mita pafupifupi 10, ndipo bolodi lanuli mbali zonse ziwiri ndi masikweya mita 1.5 okha. Musakagule Lachisanu masana: mahadiweya ambiri kuno amatseka kaye eni ake akapita kumzikiti.

## 1. Sankhani pulayiwudu kapena lata

Ngati chikwangwani chidzakhala pakhonde, pansi pa denga, pulayiwudu ndi wabwino ndipo amalembeka mosavuta. Ngati chidzaima pamtetete m'mbali mwa msewu kapena pagombe, tengani lata, kapena pulayiwudu wosalowa madzi amene okhoma maboti amagwiritsa ntchito. Bolodi la utuchi woumba, lija amapangira makabati, musaliyerekeze n'komwe. Likangomwa madzi limatupa n'kuyoyoka.

Lata limafuna felemu kumbuyo kuti lisamapindike ndi mphepo. Kalipentala kapena wowotcherera zitsulo akhoza kukupangirani tsiku lomwelo. Muuzeni apinde m'mphepete mwa latalo kuti lisacheke munthu.

## 2. Konzani pamene penti adzagone

Apa ndi pamene zikwangwani zambiri zimafera, ngakhale kuti kuwonongekako kumadzaoneka patapita miyezi.

Pa pulayiwudu, kwechani ndi sandipepa wa 80 motsata mizere ya thabwa, kenaka wa 220 mpaka chikhatho chizitsetsereka. Musaiwale m'mphepete. Madzi ambiri salowa pulayiwudu kudzera pamaso pake, amalowera m'mbali momwe anadula, n'kuyamba kulekanitsa timagawo take. Kwechani m'mbalimo mpaka makona athe kuthwa, chifukwa penti sagwira bwino pakona yakuthwa. Pukutani fumbi lonse ndi kansanza konyowetsa pang'ono ndi tapentaini.

Pa lata latsopano nkhani ndi ina. Latalo limakhala lokutidwa ndi zinki komanso timafuta ta kufakitale. Penti wamafuta akagona mwachindunji pa zinki, pansi pake pamapangika zoterera zonga sopo, ndipo pakapita nthawi amatukumuka n'kumagwa ngati mamba a nsomba. Tsukani latalo ndi sopo waufa, tsukuluzani, lipukuteni ndi viniga, mudikire mphindi pang'ono, mutsukenso ndi madzi oyera n'kulisiya liume. Mukatero likwecheni mopepuka ndi sandipepa wa 220 kuti lisiye kunyezimira.

Chenjezo: pulaima wofiira uja ndi wa chitsulo chakuda chimene chimachita dzimbiri, monga mapaipi a felemu. Pa lata la zinki funsani pulaima wa malata. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse n'chimodzimodzi, werengani nokha patinipo.

## 3. Pulaima ndi andakoti

Pakani pulaima mbali zonse ziwiri, ndipo m'mphepete mwa pulayiwudu mupake kawiri. Ambiri amasiya kumbuyo kopanda penti poganiza kuti palibe adzakuone. Koma bolodi lopentedwa mbali imodzi limamwa chinyontho kumbuyo kokha, ndiye limakhota.

Lisiyeni ligone usiku wonse. Mawa lake kwechani mopepuka ndi sandipepa wosalala, pukutani, pakani andakoti. Andakoti amatseka timaenje ndi kubisa mtundu wa thabwa, ndipo ndi amene amachititsa kuti mtundu wapamwamba uwale. Nayenso agone usiku.

## 4. Mtundu wapansi, ndi nthawi yopakira

Sankhani mitundu iwiri yosiyana kwambiri: zilembo zakuda pa choyera kapena pa chachikasu, zoyera pa buluu wakuda kapena pa chobiriwira chakuda. Zilembo zofiira pa chobiriwira kapena pa buluu zimakongola mukazigwira m'manja, koma munthu wa pa kabaza saziwerenga. Dziwaninso kuti penti wofiira ndi amene amasuluka msanga padzuwa, pomwe wakuda ndi woyera amapirira. Ngati mwini shopu akuumirira zofiira, ziikeni pa mzere wokongoletsera m'mbali, osati pa dzina kapena pa nambala ya foni.

Vundulani penti ndi kamtengo mpaka zolimba zapansi pa tini zisungunuke. Ngati ndi wolimba kwambiri, thirani tapentaini pang'ono, osapitirira supuni imodzi pa masupuni 10 a penti. Petulo ndi palafini asiyeni. Petulo amauma msanga kwambiri n'kusiya mizere ya burashi, kuwonjezera pa ngozi ya moto, ndipo palafini amachedwetsa kuuma n'kupha kunyezimira. Thinazi wamphamvu uja wa opopera magalimoto amatha kukwinyitsa penti amene munapaka dzulo.

Pakani mopyapyala kawiri, osati mochindikala kamodzi, ndipo pakati pake padutse maola 16 mpaka 24 monga momwe tini likunenera. Penti akaoneka wouma pomukhudza ndi chala patatha maola ochepa, ndi pamwamba pokha. Mkati akadali wofewa.

Nyengo ya kuno imafuna kuiganizira. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo lata loikidwa padzuwa limatentha kuposa pamenepo. Penti wopakidwa pa lata lotentha amauma khungu lapamwamba asanayalane, kenaka amakwinyika. Gwirani ntchito pamthunzi, m'mawa mame atauma, isanakwane 9 koloko. Miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mdani wanu ndi fumbi ndi mchenga: wazani madzi pansi pomwe mukugwirira ntchito, ndipo bolodi likamauma liyedzamitseni kukhoma nkhope yake itayang'ana kukhomako. Madzulo musapake ngati muli pafupi ndi nyanja kapena mtsinje wa Shire. Nyali ikangoyaka, tizilombo touluka timabwera n'kumatirira pa penti wamuwisi. Tikamatirira musatichotse pomwepo. Dikirani aume, mukwechepo, mupakenso. Nthawi ya dzinja onjezerani tsiku lina lodikira, chifukwa chinyontho chimachedwetsa kuuma.

## 5. Chepetsani mawu

Pamene penti akuuma, khalani pansi ndi mwini chikwangwani. Ntchito yanu yaikulu apa ndi kumukaniza. Iye adzafuna kuti palembedwe dzina la shopu, katundu yense amene amagulitsa, mawu achilimbikitso, manambala awiri a foni, ndi zakuti amalandira Airtel Money ndi Mpamba. Munthu wodutsa pa minibasi ali ndi masekondi awiri kapena atatu okha. Mizere itatu ndi yokwanira: chimene mumachita, mawu ochepa ofotokozera, ndi nambala imodzi.

Kwa ine, ntchito imene shopu imagwira ndiyo iyenera kukhala ndi zilembo zazikulu kuposa dzina la shopuyo. Mlendo wopita ku Cape Maclear amene thayala laphwa akufuna kuona mawu oti pano timamata matayala, dzina la mwini malo adzalifunsa atafika.

Mitengo ya katundu musailembe ndi penti wamafuta. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zikwangwani zambiri zinasanduka zabodza m'sabata imodzi. Siyani kachigawo kamene mudzapake penti wakuda wa bolodi la kusukulu, kuti mwini wake azilembapo ndi choko.

Lembani mawu onse papepala, mwini wake awerenge, munthu winanso awerenge. Ngati pali mawu a Chiyao kapena a Chingerezi, apatseni amene amalemba bwino chinenerocho. Nambala ya foni iimbeni muone ngati ikulira m'thumba la mwini shopu.

## 6. Werengetsani malo musanajambule

Iyi ndi sitepe imene imathetsa vuto la zilembo zopanikizana kumapeto.

Siyani malire a masentimita 8 mbali zonse. Pa bolodi lathuli mutsala ndi masentimita 106 m'litali ndi 45 m'lifupi. Tsopano werengani zilembo, koma osati ngati zonse n'zofanana. Chilembo wamba chiwerengeni 1. Chilembo I chiwerengeni theka. M ndi W ziwerengeni 1 ndi theka, ndipo muzisamala nazo chifukwa m'mawu athu zimachuluka. Mpata wa pakati pa mawu uwerengeni 1.

Tiyerekeze ndi chikwangwani cha telala. Mzere woyamba ndi TIMASOKA. T ndi 1, I ndi theka, M ndi 1 ndi theka, A, S, O, K ndi A ndi 5. Zonse pamodzi ndi 8. Gawani 106 ndi 8, mupeza masentimita 13 ndi kakang'ono. Choncho chilembo wamba chilichonse chili ndi malo a masentimita 13, momwe pafupifupi 10 ndi theka ndi a chilembocho ndipo otsalawo ndi mpata. Kutalika kwake kukhale masentimita 17, ndipo kunenepa kwa mzere wa chilembo kukhale gawo limodzi mwa magawo 5 a kutalikako, kutanthauza masentimita 3 kapena kuposerapo pang'ono.

Mzere wachiwiri, MADIRESI NDI YUNIFOMU, ukuwerengeka 20, ndiye chilembo chilichonse chipeza masentimita 5 ndi kakang'ono, kutalika 7. Nambala ya foni ikhale yotalika masentimita 8, ndipo manambala 10 aja muwagawe m'magulu a 4, 3 ndi 3 kuti munthu awagwire pamtima. Mukasiya masentimita 5 pakati pa mizere, zonse zikwana masentimita 42, zomwe zikulowa bwino mu 45 uja.

Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wodziwira ngati zilembo zikuwerengeka patali: masentimita 2 ndi theka a kutalika kwa chilembo pa mamita 3 alionse. Zilembo za masentimita 17 zimawerengeka bwino pa mamita 20. Ngati shopu yanu ili mamita 30 kuchokera pamsewu, mukufunika zilembo za masentimita 25, ndiye kuti bolodi likule kapena mawu achepe.

## 7. Jambulani papepala, kenaka samutsirani pabolodi

Matizani mapepala akwane muyeso wa bolodi. Jambulani mizere iwiri ya mzere uliwonse wa mawu, wapamwamba ndi wapansi, ndi mzere umodzi woimirira pakati penipeni. Yambani kujambula kuchokera pakatipo kupita kumanja, kenaka kuchokera pakati kubwerera kumanzere. Mukatero mawu amakhala pakati okha, ndipo ngati malo avuta mumazindikira msanga.

Pali zinthu ziwiri zimene rula singakuuzeni. Zilembo zozungulira, O, C, S ndi U, zidutse mzere pang'ono, mamilimita 3 kapena 4, apo ayi zimaoneka zazing'ono kuposa zinzake. Ndipo mpata wa pakati pa zilembo umayesedwa ndi maso. K ndi A zikayandikana zimasiya malo ambiri opanda kanthu, choncho zisendezeni pafupi. I ndi M, zomwe zili ndi mizere yoimirira, zitalikitseni pang'ono. Pachikani pepalalo pakhoma, mubwerere m'mbuyo mamita 10, mutsinzine pang'ono. Pamene pakuoneka dzenje kapena mfundo, konzani pomwepo. Papepala kufufuta n'kwaulere.

Mukakhutira, ikani pepalalo pa katoni n'kuboola ndi singano motsata m'mphepete mwa zilembo, timabowo totalikirana theka la sentimita. Perani choko, muthire ufawo m'sokosi, mumange. Matani pepala pabolodi ndi tepi n'kumagunditsa sokosiyo pa timabowo. Mukachotsa pepala, zilembo zonse zidzaoneka ndi timadontho ta choko. Pa bolodi loyera gwiritsani ntchito choko cha mtundu kapena ufa wa makala. Pepalalo lisungeni, mwini shopu akadzafuna chikwangwani chachiwiri, theka la ntchito ndi lotha kale.

Chenjezo: musajambule pabolodi ndi bolopeni kapena maka. Inki yake imatulukira pamwamba pa penti ngakhale mutapaka kangati. Ndipo tepi musaimate pa penti amene sanathe masiku awiri, idzamatuka naye.

## 8. Lembani zilembo

Thirani penti pang'ono m'kachitini kena, tini lalikulu mulitseke. Sungunulani ndi madontho a tapentaini mpaka burashi izitsetsereka osakoka, koma penti asamayenderere. Yesani kaye pa katoni.

Viikani theka la ubweya wa burashi, muupalase pa katoni mbali zonse ziwiri kuti nsonga ikhale yopyapyala. Kokani mzere uliwonse kamodzi, kuchokera pamwamba kutsika, mukupuma mofatsa, m'malo modonthezadontheza. Yambani ndi m'mphepete mwa chilembo, kenaka dzazani mkati penti asanayambe kuuma. Ngati mumalemba ndi dzanja lamanja yambirani kumanzere, ndipo mzere wapamwamba uthe musanapite wapansi.

Kamtengo kaja ntchito yake ndi iyi: kulungani kansanza kunsonga kwake, tsamiritsani nsongayo pamalo ouma pabolodi, gwirani mbali inayo ndi dzanja lamanzere, ndipo dzanja lolembalo ligone pakamtengopo. Dzanja silinjenjemera, komanso silikhudza penti wamuwisi.

Kuti pamwamba ndi pansi pa zilembo pakhale powongoka, matani tepi motsata mizere iwiri ija, muitsindike bwino ndi chikhadabo, ndipo muichotse penti akadali wofewa. Mukaisiya mpaka mawa imang'amba m'mphepete mwa zilembo. Mukalakwitsa, kulungani kansanza pachala, nyowetsani pang'ono ndi tapentaini, pukutani kamodzi mokoka. Ichi n'chifukwa china chodikirira kuti mtundu wapansi uumitsitse: ukakhala wosauma, umachoka limodzi ndi cholakwikacho.

Zilembo zoyera kapena zachikasu pa mtundu wakuda zimafuna kubwereza mawa lake. Choko chotsala chipukuteni ndi nsanza yonyowa patatha masiku awiri.

## 9. Kupachika

Dikirani masiku atatu musanachinyamule. Penti wamafuta amatenga sabata kapena kuposerapo kuti alimbe kwenikweni, choncho pochinyamula pa njinga musachimange ndi mphira pankhope. Yalani nsalu ndipo chingwe chigwire pafelemu.

Boolani mabowo a masikuluwu, mudonthezemo penti musanamange kuti madzi asapeze polowera. Pakhoma, siyani kampata kumbuyo ndi timatabwa kuti mpweya uzidutsa. Ngati mukuzika mitengo, chiswe cha kuno sichichedwa: gwiritsani ntchito mapaipi achitsulo ozikidwa mu simenti, kapena mitengo yothiridwa mankhwala. Mwera umachokera kummwera chakum'mawa ndipo umakankha chikwangwani mwamphamvu, ndiye dzenje likhale lakuya masentimita 60 kapena kuposa. Musanazike chilichonse m'mbali mwa msewu waukulu, kafunseni kukhonsolo za malo ololedwa ndi chiphaso.

## Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kupaka penti wamadzi wa m'nyumba panja. Ndi wotchipa ndipo amauma msanga, koma mvula imamutsuka. Kupaka penti wamadzi pamwamba pa wamafuta wonyezimira nakonso sikugwira.

Kulemba pamwamba pa chikwangwani chakale osakwecha. Penti watsopano amagwira pa wakaleyo, ndipo wakaleyo akamasupuka amapita naye. Palani zonse zotukumuka. Pokwecha penti wakale nyowetsani sandipepa ndi madzi, valani chotchinga pamphuno, ndipo ana asakhale pafupi: penti wina wamafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira, amakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Pogula watsopano sankhani tini lolembedwa kuti mulibe mtovu, ndipo matini otha musawasandutse zotungira madzi kapena zosungira chakudya.

Kupaka vanishi pamwamba poganiza kuti ateteza. Vanishi wamba amachita chikasu n'kusweka padzuwa msanga kuposa penti amene akumuteteza. Penti wonyezimira safuna chowonjezera.

Kukongoletsa zilembo mopitirira. Zilembo zopotanapotana ndi mithunzi ya mitundu itatu zimasangalatsa wolemba yekha. Ngati mukufuna mthunzi, ukhale umodzi, mbali imodzi, pa mzere waukulu wokha.

Kusiya maburashi m'chitini cha tapentaini ataimirira. Ubweya umapindika ndipo sudzawongokanso. Tsukani ndi tapentaini, kenaka ndi sopo, muwongole nsonga ndi zala, muwagoneke. Ena amapaka timafuta pang'ono pa maburashi olembera kuti asaume. Ngati mwatero, atsukeni musanawaviikenso mu penti.

Kuunjika sanza zonyowa ndi penti ndi tapentaini pakona. Zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, makamaka m'chipinda cha malata nthawi yotentha. Ziyanikeni panja chimodzichimodzi mpaka ziume. Tapentaini wotsukira musamutaye m'ngalande yopita kunyanja: muthireni m'botolo, mutseke, zinyalala zikadikha pansi mutsanulire woyerayo m'botolo lina, mudzatsukire maburashi pa chikwangwani chotsatira.